Mafunso ndi mayankho: kulosera za ayezi wa panyanja pophatikiza zoyeza ndi makompyuta

Kumpoto kwenikweni kwa dziko, ku Arctic, ndiponso kummwera kuzungulira Antarctica, nyanja imaundana pamwamba m'nyengo yozizira n'kusungunuka kukayamba kufunda. Pali mabungwe amene tsiku lililonse amalosera komwe ayezi ameneyu adzakhale mawa, sabata yamawa, ngakhale miyezi itatu ikubwerayi. Ulosi wotere umalimba kapena kufooka malinga ndi poyambira pake, ndipo ntchito yokonza poyambirapo akatswiri amaitchula kuti data assimilation.

Ayezi wa panyanja ndi uja amaoneka ngati phiri loyandama?

Ayi. Mapiri oyandama aja amabenthuka ku ayezi wa pamtunda, monga wa ku Greenland, ndipo alibe mchere. Amene tikunena pano ndi madzi a m'nyanja momwemo amene aundana. Chifukwa cha mchere, madziwa amaundana pa madigiri pafupifupi 1.8 pansi pa ziro. Ayezi wa chaka chimodzi amachindikala mita imodzi kapena awiri, pomwe amene wapulumuka nyengo zofunda zingapo amatha kupitirira mamita atatu. Sakhala phee. Mphepo imamukankha, amang'ambika n'kusiya ming'alu ya madzi, ndipo zibenthu zikagundana zimakwerana n'kupanga zitunda.

Ku Arctic ayezi amafika pachimake mu Malichi, amachepetsetsa mu Seputembala. Powerengera kukula kwake, amatenga dera lililonse limene ayezi wakuta 15 peresenti ya madzi kapena kuposa. Mu Seputembala 2012 kunatsala masikweya kilomita 3.39 miliyoni okha, malo okwana Malawi pafupifupi ka 29, ndipo chiyambire kuyeza ndi masetilaiti sanachepepo kuposa pamenepo.

Amafuna ulosi umenewu ndani?

Oyamba ndi oyendetsa sitima. Iwo alibe nazo ntchito kwenikweni za kukula kwa ayezi wa Arctic yense. Chimene amafuna kudziwa n'chakuti kodi njira ili patsogolo pawoyo idzakhala idakali yotseguka mawa. Kumapeto kwa Disembala 2013 sitima ya ku Russia, Akademik Shokalskiy, inapanikizika pagombe la Antarctica mphepo itakankhira ayezi wochindikala komwe inali. Sitima ya ku China, Xue Long, inapita kukathandiza koma nayo inapanikizika, ndipo anthu 52 anachita kuwatenga pa helikopita pa 2 Januwale 2014.

Sitima ya ku South Africa, S.A. Agulhas II, imene imanyamuka ku Cape Town, inapeza mabwinja a sitima ya wofufuza malo wakale Ernest Shackleton, Endurance, mu Malichi 2022 m'nyanja ya Weddell ku Antarctica, pa mamita 3,008 pansi pa madzi. Kumeneko sitima ikalowa m'ayezi imatengedwa naye limodzi, choncho kuti ikafike pamwamba pa malo ofufuzawo panafunika kudziwiratu kumene ayezi akulowera. Palinso asodzi a m'nyanja ya Barents kumpoto kwa Norway ndi Russia, alenje a mtundu wa Inuit amene amayenda pamwamba pa ayezi ku Canada, Greenland ndi Alaska, ndiponso sitima za katundu zodutsa kumpoto kwa Russia.

Ena ndi olosera zanyengo. Ayezi ndi chivindikiro cha nyanja: pamene pali ayezi, kutentha ndi chinyezi cha m'madzi sizikwera kwambiri m'mlengalenga, pamene pali mng'alu zimatuluka mwamphamvu. N'chifukwa chake bungwe la maiko a ku Ulaya lolosera zanyengo, ECMWF, limene ulosi wake umagwiritsidwa ntchito ndi maofesi a zanyengo ambiri kuphatikizapo a kummwera kwa Africa, kuyambira 2018 limayendetsa mlengalenga, nyanja ndi ayezi pamodzi m'maulosi ake onse akuluakulu.

Modelo ya ayezi imagwira ntchito bwanji?

Modelo ndi pulogalamu ya pakompyuta imene imagawa nyanja m'timabokosi, kenako m'kabokosi kalikonse n'kumawerengera zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuundana ndi kusungunuka: kutentha kochokera ku dzuwa, ku mpweya ndi ku madzi apansi. Chachiwiri ndi kuyenda: mphepo ikukankha pamwamba, madzi akukoka pansi, kuzungulira kwa dziko kukupatutsa, ndipo ayezi mwini wake akukana kupanikizidwa.

Za kuyendaku anaziona kale Fridtjof Nansen pa ulendo wa sitima ya Fram, kuyambira 1893 mpaka 1896. Anapeza kuti ayezi satsata mphepo ndendende, amapatukira kumanja ndi madigiri 20 mpaka 40. Pamene sanapanikizane, liwiro lake limakhala pafupifupi 2 peresenti ya liwiro la mphepo. Chovuta chinali kulemba masamu a ayezi wopanikizana, ndipo njira imene William Hibler anatulutsa mu 1979 ndi imene mamodelo ambiri akutsatabe. Imodzi mwa mamodelo ofala, CICE, inayambira ku Los Alamos ku America. M'kabokosi kalikonse imasunga ayezi m'magulu a kuchindikala, kawirikawiri asanu, chifukwa ayezi wopyapyala ndi wochindikala samera kapena kusungunuka pa liwiro limodzi.

Modelo yoisiya yokha imasochera. Mphepo imene mwaipatsa si yolondola ndendende, chipale chofewa chogwera pamwamba pa ayezi sichidziwika bwino kuchuluka kwake, ndipo ming'alu yambiri ndi yaing'ono kuposa kabokosi. Zolakwika zazing'onozi zimaunjikana, moti pakatha miyezi malire a ayezi a mu modelo amakhala ali kutali ndi malire enieni.

Ndiye data assimilation n'chiyani kwenikweni?

Tinene kuti mwana wanu wakwera basi ku Blantyre 7 koloko m'mawa kupita ku Lilongwe. Msewu mukuudziwa, mayendedwe a basi mukuwadziwa, ndiye ikamakwana 10 koloko mumaganiza kuti ali cha ku Ntcheu. Kenako akuimba foni, netiweki ikudukaduka, iye wangodzidzimuka kutulo, n'kunena kuti akuona ngati adutsa pa Lizulu. Simutaya kuwerengera kwanu kuja, komanso simunyoza zimene wanenazo. Mumaziyika pasikelo, n'kusankha malo a pakati, mopendekera ku chimene mukuchikhulupirira kwambiri. Kuchokera pamenepo mumawerengeranso nthawi yokamuchingamira kudepoti. Akaimbanso pa Dedza, mumakonzanso.

Ntchito yake ndi imeneyi, kungoti imachitika pa manambala mamiliyoni ambiri nthawi imodzi. Modelo imapereka chithunzi chake cha lero, chochokera ku ulosi wa dzulo. Masetilaiti ndi zipangizo zina zimapereka zoyeza, zimene zili ndi mipata komanso zolakwika zakezake. Ziwirizi zimaphatikizidwa kukhala chithunzi chimodzi, ndipo ulosi watsopano umayambira pamenepo. Mawa, kapena sabata yamawa, amabwerezanso.

Kulemera kwa mbali iliyonse kumadalira kukula kwa cholakwika chake. Mwachitsanzo, modelo ikuti kabokosi kena kakutidwa ndi ayezi 80 peresenti, setilaiti ikuti 60. Ngati zonse ziwiri zimaphonya mofanana, yankho ndi 70. Koma ngati setilaiti imaphonya theka chabe la mmene modelo imaphonyera, yankho limakhala 64, chifukwa masamu ake amachulukitsa cholakwika chilichonse ndi icho chomwe, motero setilaiti imalemera kanayi. Maziko a masamuwa anawalemba Rudolf Kalman mu 1960, ndipo anagwiritsidwa ntchito poongolera zombo za Apollo zopita kumwezi.

Apa pali chinthu chimene ongoyamba kumene amachipeputsa. Nambala yofunika si yoyezedwa yokha, koma ndi kukula kwa chikaiko chake. Amene wapereka mapu a ayezi popanda kunena kuti angaphonye motani wapereka theka la katundu.

Bwanji osangotenga chithunzi cha setilaiti n'kuchiika mu modelo mmene chilili?

Anthu anayesapo, ndipo modelo imachilavula. Tinene kuti setilaiti yaona ayezi pamalo pamene modelo ili ndi madzi okhaokha. Mukangoikapo ayezi, madzi a mu modelo pamalopo amakhala akadali ofunda, mwina madigiri awiri pamwamba pa ziro, ndipo m'masiku ochepa ayezi uja wasungunuka. Mukachotsa ayezi pamene modelo ili ndi madzi ozizira kwambiri ndi mpweya wozizira pamwamba, amaundananso. Mwakonza chooneka, chimene chinayambitsa vutolo mwachisiya. Choncho pokonza ayezi pamafunika kukonzanso kutentha kwa madzi a pamwamba, ndiponso mchere wake, ngakhale setilaiti sinayeze zimenezo pansi pa ayeziyo.

Palinso funso limene chithunzi sichiyankha. Setilaiti yanena kuti ayezi aonjezedwe ndi 20 peresenti, koma wochindikala bwanji? Alowe m'gulu liti mwa magulu asanu aja? Akhale ndi chipale chochuluka motani pamwamba? Mukamuika wochindikala kwambiri, mwapanga ayezi amene adzakana kusungunuka mpaka Seputembala. Mukamuika wopyapyala, mphepo yoyamba idzamuphwanya. Bungwe lililonse lili ndi lamulo lake pa zimenezi, ndipo kusiyana kwa malamulowa n'kumodzi mwa zifukwa zimene mamodelo olandira zoyeza zofanana amasiyanirana kwambiri pa kuchindikala.

Zoyezazo zimachokera kuti?

Zambiri zimachokera ku masetilaiti omvera mphamvu ya microwave, mafunde osaoneka ndi maso ofanana ndi a wailesi, imene nthaka, madzi ndi ayezi zimatulutsa mwachilengedwe. Madzi ndi ayezi zimasiyana kwambiri pa mphamvu imeneyi, ndipo imadutsa mitambo komanso mdima wa miyezi yathunthu wa kumeneko. Mbiri yake inayamba ndi setilaiti ya Nimbus-7 mu Okutobala 1978, inapitirira ndi masetilaiti a asilikali a ku America kuyambira 1987, ndipo chipangizo cha ku Japan, AMSR2, chinakwera mu 2012. Zimapereka mapu a tsiku ndi tsiku, koma diso lake ndi lalikulu: kadontho kamodzi kangakhale makilomita 25, kapena makilomita ochepa pa zipangizo zatsopano. M'nyengo yofunda pamwamba pa ayezi pamadzaza zithaphwi za madzi osungunuka, ndipo setilaiti imaziwerenga ngati nyanja yotseguka. Choncho mu Julaye imanena kuti ayezi ndi wochepa pomwe alipo wathunthu pansi pa zithaphwizo, ndipo amene sakulitsa chikaiko cha zoyezazo m'miyezi imeneyi amawononga modelo yake.

Masetilaiti a rada, amene amatumiza mafunde pansi n'kumvera akamabwerera, monga Sentinel-1 ya ku Ulaya ndi RADARSAT ya ku Canada, amaona ming'alu ndi zitunda bwinobwino. Akatswiri a ku Canadian Ice Service, U.S. National Ice Center, ndi maofesi a ku Norway ndi Russia amajambula mapu a oyendetsa sitima pogwiritsa ntchito zithunzizi, ndipo mamodelo ena amalandiranso mapuwo. Poyerekeza zithunzi ziwiri za masiku otsatizana amadziwanso kumene ayezi wayenda. Pamwamba pa ayezi pamakhala tizipangizo totumiza malo ake, timene takhala tikuikidwa ku Arctic kuyambira 1979. Za m'madzi pansi pa ayezi n'zochepa kwambiri, chifukwa zipangizo zomira ndi kuyandama zotchedwa Argo, zimene zimayeza nyanja zina zonse, zimavutika kutulukira pamwamba kuti zitumize uthenga.

N'chifukwa chiyani nkhani ya kuchindikala imachuluka chonchi?

Chifukwa ndi mmene muli chikumbumtima cha ayezi. Mu Epulo nyanja ya Arctic pafupifupi yonse imakhala yokutidwa, ndipo mapu a chaka chino ndi a chaka chatha amafanana. Kusiyana kumene kudzaonekere mu Seputembala kwabisala m'kuchindikala: pamene pali mita imodzi padzatseguka, pamene pali mamita atatu padzatsala. Kukonza gawo lokutidwa ndi ayezi kumathandiza ulosi wa masiku kapena masabata ochepa, kenako phindu lake limazilala. Kukonza kuchindikala kumakhalitsa miyezi. Mu 2018 Ed Blockley ndi Andrew Peterson a ku Met Office ya ku Britain anasonyeza kuti atalowetsa zoyeza za kuchindikala, ulosi woyambira mu Meyi unapeza bwino malire a ayezi a mu Seputembala kuposa poyamba.

Tsoka lake, chinthu chofunikachi ndi chimene chimayezeka movutikira. Setilaiti siona pansi pa ayezi. CryoSat-2, imene bungwe la ku Ulaya la za mlengalenga, ESA, linakweza mu Epulo 2010 itatha yoyamba kugwa ponyamuka mu 2005, imayeza kutalika kwa kachigawo ka ayezi kotulukira pamwamba pa madzi, poyerekeza ndi madzi a m'ming'alu. Kachigawoka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Ayezi wa mamita awiri amatulukira ndi masentimita pafupifupi 20, ndiye mukaphonya ndi sentimita imodzi pamwamba, mwaphonya ndi pafupifupi khumi pa kuchindikala. Chipale chapamwamba chimalemera n'kumiza ayezi, choncho muyenera kudziwa kuchuluka kwake. Kwa zaka zambiri powerengera ankadalira zimene anayeza anthu a Soviet Union okhala m'misasa ya pa ayezi pakati pa 1954 ndi 1991, pa ayezi wakale amene lero watsala wochepa.

Pa ayezi wopyapyala CryoSat-2 imalephera. Apa panathandiza setilaiti ina, SMOS, imene inakwera mu Novembala 2009 kuti iziyeza chinyezi cha m'nthaka ndi mchere wa m'nyanja. Zinapezeka kuti imamvanso kuchindikala kwa ayezi wosapitirira pafupifupi theka la mita. Bungwe la Alfred Wegener Institute la ku Germany limaphatikiza ziwirizi kukhala mapu amodzi, koma mapuwa amatuluka kuyambira Okutobala mpaka Epulo basi. Chipale chikayamba kunyowa, zoyeza zimasokonezeka. Mu 2022 gulu lotsogozedwa ndi Jack Landy linatulutsa mbiri yoyamba ya kuchindikala ya chaka chonse kuchokera ku CryoSat-2, pophunzitsa kompyuta kusiyanitsa zithaphwi ndi ming'alu, koma chikaiko cha miyezi yofunda chikadali chachikulu.

Ndamva kuti ena amayendetsa modelo imodzi ka 100 nthawi imodzi. Sikuwononga magetsi kumeneko?

Ndi ndalama zambiri ndithu, koma pali chimene amagula nacho. Taona kuti pokonza ayezi pamafunika kukonzanso madzi apansi. Funso n'lakuti, ndi mlingo wanji, ndipo molowera kuti? Geir Evensen wa ku Norway anatulutsa njira yoyankhira funsoli mu 1994, yotchedwa Ensemble Kalman Filter. Mumayendetsa makope ambiri a modelo yomweyo, lililonse ndi mphepo ndi kutentha kosiyana pang'ono. Pamene makopewo amwazikana kwambiri, modelo ili ndi chikaiko chachikulu, ndiye zoyeza zimapatsidwa mphamvu. Komanso mukaona kuti makope amene ali ndi ayezi wambiri pamalo ena alinso ndi madzi ozizira pamalo omwewo, mwapeza mgwirizano wa ziwirizo popanda kuulemba pamanja.

Chitsanzo chabwino ndi mchere. Mkati mwa dera la ayezi, kope limene lili ndi ayezi wambiri ndi limene laundanitsa madzi ambiri, ndipo madzi akamaundana amasiya mchere wake m'nyanja, choncho ayezi wambiri amayenda ndi mchere wambiri. Kumalire, kumene ayezi amakumana ndi madzi ofunda ochokera ku Atlantic, zimatembenuka: kope la ayezi wambiri ndi limene mphepo yakankhira ayezi kunja, akusungunuka n'kusukulutsa mchere. Malirewo amasuntha sabata ndi sabata. Lamulo lokhazikika silingatsate zimenezi, koma gulu la makope limazitsata lokha.

Dongosolo la TOPAZ, lopangidwa ku Nansen Center ku Bergen ndipo loyendetsedwa ndi ofesi ya zanyengo ya Norway pansi pa Copernicus, ndondomeko ya European Union yoyang'anira dziko ndi masetilaiti, linamangidwa pa njira imeneyi. Mtundu wake wa TOPAZ4 unali ndi makope 100, timabokosi ta makilomita 12 mpaka 16, kulowetsa zoyeza kamodzi pa sabata, ndi ulosi wa masiku 10. Komabe makope 100 ndi ochepa poyerekeza ndi manambala mamiliyoni, ndipo mwangozi amatha kusonyeza ngati ayezi wa kufupi ndi zilumba za Svalbard kumpoto kwa Norway akugwirizana ndi madzi a kufupi ndi Alaska. Pothana ndi zimenezi amaika malire kuti choyeza chilichonse chikonze dera loyandikana nalo lokha.

Si onse amayenda njira iyi. Met Office ndi ECMWF amagwiritsa ntchito NEMOVAR, imene imafunafuna chithunzi chimodzi choyandikira modelo ndi zoyeza zomwe. Asilikali apamadzi a ku America ali ndi njira yawo yotchedwa NCODA. PIOMAS ya ku University of Washington imangokokera modelo pang'onopang'ono ku zoyeza, njira yosavuta, komabe mbiri yake ya kuchuluka kwa ayezi kuyambira 1979 ndi imene ambiri amayerekezera nayo zawo.

Masamu amenewa amagwirizana bwino ndi ayezi?

Osati kwenikweni. Anapangidwira zinthu zimene zolakwika zake zimagawika mofanana mbali zonse, ngati kutentha kwa mpweya. Ayezi ali ndi malire: sangachepere ziro, sangapose 100 peresenti. Masamu akasiyidwa okha amatulutsa ayezi wa 105 peresenti kapena kuchindikala kochepera ziro, ndipo pamafunika kudula. Kudula kobwerezabwereza kumakokera zotsatira mbali imodzi. Ndiponso ngati makope onse 100 akuti pamalopo palibe ayezi, sakusiyana konse, ndiye masamu amati modelo ilibe chikaiko, n'kunyalanyaza setilaiti imene ikuona ayezi poyera.

Ulosi umafika patali bwanji?

Wa masiku ochepa umadalira mphepo, ndipo ulosi wa mphepo umatha mphamvu pakadutsa sabata imodzi kapena awiri. Pa malire a ayezi, kafukufuku wa mu 2018 woyerekeza mabungwe angapo anapeza kuti dongosolo labwino kwambiri, la ECMWF, linali lothandiza mpaka pafupifupi mwezi ndi theka, pomwe ena ankagonja kuyambira tsiku loyamba chifukwa poyambira pawo panali polakwika kale.

Pa miyezi pali mpanda. Ulosi wa Seputembala woyambira Juni asanafike umakhala wofooka kuposa woyambira Juni atalowa. Chifukwa chake n'chakuti kusungunuka kukayamba, ayezi wakuda ndi zithaphwi amamwa dzuwa lambiri, n'kusungunuka koposa, motero kusiyana kwakung'ono kwa nthawi imeneyo kumakula n'kukhazikika. Mpandawu wagwera nthawi yomwe mapu a kuchindikala amasiya kutuluka. Zoyeza zimatha mu Epulo, pomwe zofunika kwambiri ndi za mu Meyi ndi Juni.

Kuyambira 2008 magulu ambiri amatumiza maulosi awo a Seputembala ku Sea Ice Outlook. Zimene zaoneka n'zakuti amachita bwino m'zaka zotsata kuchepa kwa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, amaphonya m'zaka zachilendo. Mu Ogasiti 2012 kunabuka chimphepo chachikulu pakati pa Arctic chimene palibe akanachilosera mu Juni. Komabe kafukufuku wa ku University of Washington anapeza kuti ngakhale popanda chimphepocho, chaka chimenecho chikanaposabe zaka zonse pa kuchepa kwa ayezi, chifukwa ayezi anali wopyapyala kale.

Mumadziwa bwanji kuti ulosi wawongokeradi?

Pali opikisana nawo awiri osavuta koma ouma mutu. Wina amati mawa kudzakhala ngati lero. Wina amati tsikulo kudzakhala ngati mmene kumakhalira zaka zapitazi. Ulosi wosaposa awiriwa ulibe ntchito, kaya wadya ndalama zingati. Kuyerekeza kukula kwa ayezi yense kumanyenga, chifukwa mungachulutse ayezi ku Greenland n'kuchepetsa ku Siberia, nambala yonse n'kuoneka yolondola. N'chifukwa chake ambiri tsopano amawerengera malo onse amene ulosi unati pali ayezi pomwe palibe, kuphatikiza amene unati palibe pomwe alipo.

Kuyesa modelo ndi zoyeza zomwe mwailowetsa n'kudzinamiza. Pamafunika mboni zina: zipangizo zozikidwa ndi nangula m'nyanja ya Beaufort, kumpoto kwa Alaska ndi Canada, zimene zimayeza ayezi kuchokera pansi, ndege za NASA za Operation IceBridge zimene zinauluka kuyambira 2009 mpaka 2019, ndi ulendo wa MOSAiC, pamene sitima ya ku Germany, Polarstern, inaumirira dala m'ayezi n'kutengedwa naye pakati pa 2019 ndi 2020.

Kodi data assimilation ingachiritse modelo yolakwika?

Ayi, imangoibweza panjira nthawi ndi nthawi. Ulosi ukangoyamba, modelo imabwerera ku chizolowezi chake. Koma kukonzako kumasiya umboni. Ngati chaka ndi chaka mukuchotsa ayezi pamalo amodzimodzi mwezi umodzimodzi, vuto lili mu modelo, mwina madzi ofunda a Atlantic sakufika mokwanira. Ena agwiritsa ntchito njira yomweyi kukonza manambala a mkati mwa modelo, monga mphamvu imene mphepo imakokera ayezi. Enanso anasintha modelo yeniyeniyo: neXtSIM ya ku Bergen imatenga ayezi ngati chinthu chosweka, ndipo ming'alu yake imafanana kwambiri ndi ya pa zithunzi za rada.

Ku Antarctica n'chimodzimodzi?

Kumeneko n'kovutirapo. Arctic ndi nyanja yozunguliridwa ndi mtunda, Antarctica ndi mtunda wozunguliridwa ndi nyanja, choncho ayezi wake amamwazikira kunja momasuka, mafunde akuluakulu amamuswa mpaka kutali mkati, ndipo ambiri amasungunuka chaka chilichonse. Ndi wopyapyala koma wosenza chipale chambiri, chimene chimamumiza mpaka madzi a mchere kulowa pansi pa chipalecho. Zikatero rada sidziwa bwino pamene ayezi akuyambira, ndipo mapu a kuchindikala sadalirika ngati a kumpoto.

Khalidwe lakenso ladabwitsa. Kumeneko ayezi amafika pachimake mu Seputembala, amachepetsetsa mu Febuluwale. Mu Seputembala 2014 anapitirira masikweya kilomita 20 miliyoni, kuposa zaka zonse. Mu Febuluwale 2023 anatsika kufika pa 1.79 miliyoni, kuchepa kuposa zaka zonse za m'mbuyo, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho anangofika pa 16.96 miliyoni. Akatswiri ambiri akuloza kutentha kwa madzi apansi, amene ndi omwe amayezedwa mwa apo ndi apo.

Nanga makompyuta odziphunzitsa okha aja salanda ntchitoyi?

IceNet, yopangidwa ndi British Antarctic Survey ndi Alan Turing Institute mu 2021, inaposa dongosolo la ECMWF pa maulosi ena a miyezi yofunda, ndipo imathamanga kwambiri. Koma zimene inaphunzirapo, makamaka mbiri ya mphepo ndi kutentha, zinatuluka mu data assimilation yomweyi, ndipo nayo imafuna chithunzi cholondola cha lero kuti iyambirepo. Kumene ingathandize kwambiri n'kutsitsa mtengo wa makope, kuti m'malo mwa 100 akhale masauzande.

Chikuyembekezeka n'chiyani pa zoyeza?

Chachikulu ndi chipale. ICESat-2 ya NASA, imene inakwera mu Seputembala 2018, imaombera kuwala kwa laser kumene kumabwerera pamwamba pa chipale, pomwe rada ya CryoSat-2 imalowa n'kubwerera chapafupi ndi ayezi weniweni. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kuya kwa chipale. Mu 2020 ESA inasintha njira ya CryoSat-2 kuti masetilaiti awiriwa azidutsa pamalo amodzi nthawi yoyandikana, ntchito yotchedwa CRYO2ICE. CryoSat-2 yapitirira kale kwambiri zaka zimene anaipangira, ndipo Copernicus ikukonza yolowa m'malo mwake, CRISTAL, yokhala ndi rada ya mitundu iwiri kuti iziyeza ayezi ndi chipale payokha. Ikukonzanso ina, CIMR, yoyeza microwave ndi diso lakuthwa kuposa za lero, imene idzapitirize ntchito ya SMOS pa ayezi wopyapyala.